Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America Nkhondo Yachiwiri Itatha: Mafunso ndi Mayankho

Mukatchula achinyamata a ku Ulaya ndi ku America a zaka za m'ma 1960, ambiri chimawabwerera m'maso ndi mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, gitala pamiyendo, chamba kukamwa. Mnyamata ameneyo adalipodi. Kungoti chithunzi chake chimatchinga anthu ena amene adasenza mtolo wolemera kuposa iye, ndipo ndi iwowo amene ndikufuna muwadziwe.

Kodi tikunena za nthawi iti, ndipo za mayiko ati?

Kuyambira 1945, pamene nkhondo yachiwiri ya padziko lonse idatha, kufika chapakati pa zaka za m'ma 1970. Mayiko ake kwenikweni ndi United States, Britain, France, West Germany ndi Italy. Moto udafika pachimake mu 1968. Chaka chimenecho ophunzira adadzukanso ku Mexico, ku Japan, ku Poland ndi ku Czechoslovakia, koma zimenezo zili ndi mbiri yakeyake.

Ana okulira pa mtendere, osagona ndi njala, chidawautsa n'chiyani?

Funso limeneli makolo awo nawonso ankadzifunsa, ndipo ankafunsa ndi mtima wowawa. Bambo amene adakula m'umphawi wa zaka za m'ma 1930, n'kukapulumuka ku nkhondo, ankangofuna ntchito yokhazikika, nyumba, ndi bata. Atazipeza, mwana wake n'kumuuza kuti zimenezo n'zosakwanira. Makolo amenewa ine sindiwaweruza.

Koma anawo adalipo ochuluka zedi. Asilikali atabwerera kwawo, mabanja adabereka motsatizana, moti ku United States kokha pakati pa 1946 ndi 1964 kudabadwa ana pafupifupi 76 miliyoni. Adakula chuma chikukwera. Ku Britain kugula chakudya pa muyeso wa boma kudatha mu 1954, ndipo mu 1960 boma lidasiya kuitana anyamata ku usilikali mokakamiza. Wa zaka 17 ankapeza ntchito m'fakitale mosavuta, n'kukhala ndi ndalama yakeyake yogulira zimbale, zovala kapena njinga yamoto. Agogo ake pa msinkhu womwewo ankapereka malipiro onse kwa makolo.

Mayunivesite nawo adadzaza mpaka kusefukira, pamene malamulo ake adali akale omwe aja. Ku Nanterre, kunja kwa Paris, sukulu idatsegulidwa mu 1964 pafupi ndi zisakasa zomwe munkakhala anthu ochokera ku Algeria, ndipo mnyamata sankaloledwa kulowa m'nyumba zogona atsikana. M'mayiko ambiri munthu ankayesedwa wamkulu akakwana zaka 21. Pamwamba pa zonsezi padali bomba la nyukiliya. Pa Isitala ya 1958 anthu zikwizikwi adayenda pansi kuchoka ku London kupita ku Aldermaston, kumene ankapangira zida zimenezi, ndipo mu Okutobala 1962, pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba, ana asukulu ambiri adagona osadziwa ngati kucha. Mwana amene waona kuti akuluakulu angathe kuotcha dziko lonse usiku umodzi savomera msanga akamuuza kuti akhale chete chifukwa akulu ndiwo adziwa.

Nanga zidayambira kuti kwenikweni?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene adayamba sadali ana a mabwana a ku Paris kapena ku California, koma achinyamata akuda a kum'mwera kwa United States, kumene lamulo linkalekanitsa azungu ndi akuda pa sukulu, m'basi, m'chimbudzi, ngakhale pa mpope wa madzi akumwa. Mu Malichi 1955 mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, adakana kupatsa mzungu mpando m'basi ku Montgomery, miyezi 9 Rosa Parks asadachite chimodzimodzi. Mu 1957 ana 9 akuda adalowa sukulu ya sekondale ya azungu ku Little Rock moperekezedwa ndi asilikali.

Tsiku limene ine ndimaliona ngati chiyambi ndi 1 Febuluwale 1960. Ophunzira anayi a pa koleji ya North Carolina A&T, Ezell Blair Jr., Franklin McCain, Joseph McNeil ndi David Richmond, adalowa m'sitolo ya Woolworth ku Greensboro, n'kugula tinthu tochepa, kenako n'kukakhala pa mipando yodyera ya azungu okhaokha. Adaitanitsa khofi. Adawakaniza. Iwo adangokhala pomwepo mpaka sitolo kutseka. M'mawa mwake adabwera oposa 20, ndipo pasadathe miyezi iwiri mchitidwewu udafika m'mizinda yoposa 50. Mu Julayi chaka chomwecho sitolo ija idayamba kudyetsa aliyense.

Musaganize kuti zidangochitika mwamwayi. Ku Nashville m'busa wachinyamata James Lawson ankaphunzitsa ophunzira, kuphatikizapo Diane Nash ndi John Lewis, mmene angakhalire phee wina akuwalavulira, akuwatukwana, kapena akuwamenya. Ankayeserera okhaokha madzulo m'tchalitchi. Ankavala bwino ngati akupita ku mapemphero, kuti wojambula akajambula, dziko lione kuti wachiwawa ndani. Mu Epulo 1960 mayi Ella Baker adawasonkhanitsa ku Shaw University, n'kuwalangiza kuti apange bungwe lawolawo m'malo mokhala nthambi ya azibusa akuluakulu. Ndimo mudabadwira SNCC, bungwe la ophunzira lolimbana ndi tsankho popanda chiwawa.

Mtengo wake udali wa magazi. Mu Meyi 1961 basi yonyamula akuda ndi azungu okhala mosakanikirana idatenthedwa ku Anniston, Alabama. Mu Meyi 1963 apolisi a ku Birmingham adakhwirizira agalu ana asukulu ndi kuwapopera madzi a mapaipi ozimira moto. Mu Juni 1964 James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, omwe ankathandiza akuda kulembetsa mavoti ku Mississippi, adaphedwa n'kukwiriridwa m'chigumula cha damu. Wamkulu mwa atatuwa adali ndi zaka 24.

Mmodzi mwa ophunzira achizungu amene adapita ku Mississippi chaka chimenecho adali Mario Savio. Atabwerera ku Berkeley, ku California, adapeza akuluakulu a yunivesite aletsa kulalikira ndale pa sukulupo, ndipo iye ndi anzake adagwiritsa ntchito njira yomwe adaiphunzira kwa akuda: kukhala pansi osasuntha. Mu Disembala 1964 apolisi adamanga pafupifupi 800 m'nyumba ya maofesi a yunivesiteyo. Njira imeneyi ndiyo idawoloka nyanja.

Nyimbo ndi zovala zidali ndi gawo lanji?

Zidachititsa kuti mnyamata wa ku Hamburg ndi wa ku Chicago adzione ngati a pa mtundu umodzi. Nyimbo za rock and roll zidachokera kwa oimba akuda, ndipo makolo ambiri achizungu ankadana nazo pa chifukwa chomwecho. Kawayilesi kakang'ono ka mabatire kadalola mwana kumvera zofuna zake kuchipinda, kutali ndi wayilesi ya pabalaza ya bambo. Mu Febuluwale 1964 anthu pafupifupi 73 miliyoni adaonera a Beatles pa kanema ku America, ndipo mu Ogasiti 1969 anthu pafupifupi 400,000 adasonkhana m'matope pa chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock.

Komabe kuvina si kutsutsa boma. Magulu a mods ndi rockers amene adamenyana m'mphepete mwa nyanja ku Brighton mu 1964 sadali ndi mfundo ya ndale. Ena mwa anyamata otchedwa Teddy boys ndiwo adasaka anthu akuda m'misewu ya Notting Hill mu 1958. Ndipo amalonda sadachedwe kuona kuti tsitsi lalitali ndi mathalauza a jinzi zimagulitsa katundu.

Kodi nkhondo ya ku Vietnam idalowapo bwanji?

Idasandutsa mkangano wa mfundo kukhala nkhani ya moyo ndi imfa. Pofika 1968 ku Vietnam kudali asilikali a America oposa 500,000, ambiri mwa iwo anyamata, ndipo kalata yokuitana ku usilikali inkatha kukupeza tsiku lililonse. Madzulo alionse kanema ankaonetsa midzi ikupsa. Anyamata ena adatentha makhadi awo a usilikali poyera, ena adathawira ku Canada. Muhammad Ali adakana kulowa usilikali mu Epulo 1967, ndipo adamulanda lamba wake wa nkhonya.

Pa 4 Meyi 1970 asilikali adawombera ophunzira pa Kent State University ku Ohio n'kupha anayi. Patangopita masiku 11, apolisi adapha achinyamata awiri akuda pa Jackson State ku Mississippi. Oyamba aja dziko lonse lidawalira. Achiwiriwa mpaka lero ambiri sawadziwa. Pomwe nkhondo inkatha, America idali itataya asilikali pafupifupi 58,000, ndipo anthu a ku Vietnam amene adafa ndi mamiliyoni.

Chidachitika n'chiyani ku Paris mu Meyi 1968?

Zidayamba ngati kamoto ka pa ndudu. Pa 22 Malichi ophunzira a ku Nanterre, mmodzi mwa iwo Daniel Cohn-Bendit, adalanda nyumba ya maofesi podandaula kumangidwa kwa anzawo otsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Sukulu itatsekedwa adasamukira ku Sorbonne, pakati pa mzinda. Pa 3 Meyi apolisi adalowa m'yunivesitemo n'kulongedza ophunzira m'magalimoto, ndipo anzawo amene ankaonerera adakalipa. Usiku wa pa 10 Meyi adazula miyala yoyalidwa mumsewu n'kumanga zotchinga m'dera la Quartier Latin. Apolisi adabwera ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi, mawayilesi akuulutsa zonse pomwepo, ndipo pocha dziko lidali litakhumudwa ndi nkhanza zawo.

Apa ndi pamene France idasiyana ndi mayiko ena: ogwira ntchito adalowererapo. Pa 13 Meyi mabungwe awo adaitana sitiraka ya tsiku limodzi, koma tsikulo silidathe. Pa 14 Meyi a pa fakitale ya ndege ya Sud-Aviation pafupi ndi Nantes adadzitsekera mkati, a pa mafakitale a galimoto a Renault n'kutsatira. Pasadathe milungu iwiri anthu oposa 7 miliyoni adali atanyanyala ntchito. Sitima zidaima, makalata osayenda, petulo adasowa, zinyalala zidaunjikana m'misewu.

Ophunzira ankalota zogwetsa dongosolo lonse. Atsogoleri a chipani cha Chikomyunizimu ndi bungwe la ogwira ntchito la CGT ankawaona ngati ana a olemera osewera ndi moto, moti ophunzira atayenda kupita ku Renault ya ku Billancourt adapeza zipata zotseka. Pa zokambirana za ku Grenelle boma ndi olemba ntchito adalola kukweza malipiro otsikitsitsa ndi 35 peresenti ndi malipiro ena ndi 10 peresenti, koma ogwira ntchito ku Billancourt adakuwiza atsogoleri awo atabwera ndi uthengawo.

Pa 29 Meyi Pulezidenti Charles de Gaulle adasowa kwa maola angapo, nduna zake zomwe osadziwa kumene ali. Adali atauluka kupita ku Baden-Baden kukaonana ndi mkulu wa asilikali a France a ku Germany, Jacques Massu. M'mawa mwake adalankhula pa wayilesi: satula pansi udindo, wathetsa nyumba ya malamulo, kukhala chisankho. Madzulo omwewo chikhamu cha omutsatira chidadzaza msewu wa Champs-Élysées. Mu Juni chipani chake chidapambana kuposa kale lonse. Iye mwini adachoka mu Epulo 1969 atagonja pa riferendamu.

Ku West Germany kudasiyana bwanji?

Kumeneko mkangano udali wa m'nyumba, pakati pa mwana ndi bambo womubereka. Milandu ya Auschwitz, msasa umene a Nazi ankapherako anthu, imene idazengedwa ku Frankfurt kuyambira 1963 mpaka 1965 idaulula zimene mabanja ambiri adazikwirira, ndipo ana adayamba kufunsa makolo kuti nthawi ya Hitler adali kuti ndipo ankachita chiyani. Oweruza, aphunzitsi ndi akuluakulu a boma ambiri adali omwe aja a nthawi ya Nazi. Mtsogoleri wa boma kuyambira 1966, Kurt Georg Kiesinger, adakhalapo membala wa chipani cha Nazi, ndipo mu Novembala 1968 Beate Klarsfeld adamuwomba mbama pamaso pa anthu.

Pa 2 Juni 1967, pa zionetsero zotsutsa ulendo wa mfumu ya ku Iran ku West Berlin, wapolisi Karl-Heinz Kurras adawombera m'mutu wophunzira wa zaka 26, Benno Ohnesorg, yemwe mkazi wake adali woyembekezera. Khoti lidamumasula. Mu 2009 zidadziwika kuti wapolisiyo ankagwirira ntchito ukazitape wa East Germany. Pa 11 Epulo 1968 mtsogoleri wa ophunzira Rudi Dutschke adawomberedwa mumsewu, ophunzira n'kuloza chala nyuzipepala za Axel Springer zimene zinkamunyoza tsiku ndi tsiku. Adapulumuka, koma mabalawo adadzamupha mu 1979.

Kodi achinyamata onse adali m'zionetsero?

Ayi ndithu. Ambiri adali pa ntchito, pa munda, kapena ku nkhondo komweko. Ku America wophunzira wa pa yunivesite ankatha kuzengereza usilikali, pamene mwana wa mmphawi ankapita, ndipo zimenezi zidabala chidani. Mu Meyi 1970 amisiri omanga nyumba adamenya ophunzira ochita zionetsero ku New York. Richard Nixon adapambana mu 1968 polonjeza bata ndi lamulo, ndipo mu 1972, pa chisankho choyamba cha pulezidenti chimene a zaka 18 a m'dziko lonselo adavota, adatenga zigawo 49 mwa 50.

Nanga atsikana adali kuti?

Adalipo kuyambira pachiyambi, koma m'misonkhano yambiri ntchito yawo idali kutaipa makalata ndi kuphika khofi, anyamata akulalikira za ufulu. Mu Seputembala 1968 ku Frankfurt, Helke Sander adadandaula za zimenezi pa msonkhano wa bungwe la ophunzira. Amuna atafuna kungodumpha nkhaniyo, Sigrid Rüger adawagenda ndi tomato. Mwezi womwewo amayi adachita zionetsero pa mpikisano wa chiphadzuwa cha America ku Atlantic City. Ku Britain, mu Juni 1968, amayi 187 osoka mipando ya galimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham adanyanyala ntchito chifukwa cha malipiro otsika, ndipo mu 1970 kudabwera lamulo loti mwamuna ndi mkazi azilandira mofanana pa ntchito yofanana.

Kuti muone kutalika kwa ulendo wawo: ku France mkazi wokwatiwa sankatha kutsegula akaunti ku banki kapena kulowa ntchito popanda chilolezo cha mwamuna mpaka 1965. Ku West Germany, mpaka 1977, lamulo linkati mkazi agwire ntchito pokhapokha ngati sizisokoneza ntchito za pakhomo. Mapiritsi olera adaloledwa ku America mu 1960, ku France mu 1967. Pa zonse zimene zidatuluka m'zaka zimenezi, ine ndimaona kuti kusintha kwa moyo wa amayi ndiko kudazika mizu yakuya.

Kodi pali chokhudza ife kuno ku Africa?

Chilipo. Mu 1960, chaka cha Greensboro, mayiko 17 a mu Africa adalandira ufulu wodzilamulira, ndipo ophunzira akuda a ku America ankazitsatira mwachidwi. Mu Disembala 1964 ophunzira a ku Africa ndi a ku Germany adachita limodzi zionetsero ku West Berlin zotsutsa Moïse Tshombe wa ku Congo, ndipo Dutschke adali nawo.

Chipolowe choyamba chachikulu cha ophunzira ku Britain chidabuka pa London School of Economics mu 1967, ndipo gwero lake lidali kuno kwathu. Sukuluyo idasankha Walter Adams kukhala mkulu wake. Iyeyu adali mkulu wa koleji ya ku Salisbury (Harare wa lero), imene idayamba ngati University College of Rhodesia and Nyasaland, ndipo ophunzira ankati sadalimbane mokwanira ndi boma la azungu la Ian Smith la ku Rhodesia. Mu 1969 ndi 1970 Peter Hain, mnyamata wa zaka 19 wokulira ku Pretoria, adatsogolera anzake kusokoneza masewero a ragibi a timu ya azungu okhaokha ya ku South Africa, mpaka ulendo wa timu ya kiriketi wa 1970 udalephereka. Ophunzira adanyanyalanso banki ya Barclays kwa zaka zambiri, ndipo mu 1986 idagulitsa gawo lake la ku South Africa.

Mafashoni awo nawo adafika. Ku Malawi lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala masiketi aafupi ndi mathalauza, amuna nawo adaletsedwa tsitsi lalitali, moti alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege kapena pa chipata cholowera m'dziko. Lamulo la kavalidweli lidachotsedwa mu 1993.

Bwanji ena adatenga mfuti?

Zionetsero zitazilala, mabungwe a ophunzira adagawikana m'timagulu tokangana tokhatokha, ndipo ochepa adaganiza kuti mabomba achita zimene mapazi adalephera. Gulu la Andreas Baader ndi Ulrike Meinhof, Red Army Faction, lidayamba mu 1970 ndipo lidapha anthu oposa 30 lisadathe mu 1998. Ku Italy a Red Brigades adaba Aldo Moro, yemwe adakhalapo nduna yaikulu, mu Malichi 1978, atapha omuteteza asanu, n'kumupha iyenso patapita masiku 55. Palibe wosauka amene adamasulidwa ndi imfa zimenezi. Zidangosiya amasiye, n'kupatsa maboma chifukwa chokhwimitsira malamulo.

Chiwawa sichidali cha mbali imodzi. Bomba la pa Piazza Fontana ku Milan mu Disembala 1969, limene lidapha anthu 17, lidatcheredwa ndi otsatira mfundo za chifasisiti. Mwezi womwewo apolisi a ku Chicago adathyola nyumba m'bandakucha n'kupha Fred Hampton wa Black Panther Party, gulu lomenyera ufulu wa akuda, ali pa bedi. Adali ndi zaka 21.

Ndiye tinene kuti adapambana kapena adagonja?

Mukayang'ana zisankho, adagonja pafupifupi paliponse. Palibe boma la m'mayiko asanu aja limene lidagwetsedwa ndi zionetsero, ndipo nkhondo ya ku Vietnam idapitirira mpaka 1975. Mukayang'ana malamulo, nkhani ndi ina. Zaka zovotera zidatsika kufika 18: ku Britain mu 1969, ku America mu 1971, ku France mu 1974. America idasiya usilikali wokakamiza mu 1973. Italy idalola kusudzulana mu 1970, chaka chomwe idakhazikitsanso lamulo loteteza ogwira ntchito pambuyo pa masitiraka a 1969. Chipani cha Greens cha ku Germany chidalowa m'nyumba ya malamulo mu 1983, ndipo Joschka Fischer wa chipanichi, amene ali mnyamata adalimbana ndi apolisi m'misewu ya Frankfurt, adakhala nduna yoona za kunja kuyambira 1998 mpaka 2005.

Phindu looneka ndi maso koposa lidagwera kumene zidayambira. Ku America lamulo la 1964 lidathetsa tsankho m'malo odyera, m'mahotela ndi pa ntchito. Pa 7 Malichi 1965 John Lewis, ali ndi zaka 25, adaswedwa mutu ndi apolisi pa mlatho wa ku Selma, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho lamulo loteteza ufulu wovota lidasainidwa. Ku Mississippi akuda olembetsa mavoti sankakwana 7 pa 100 alionse mu 1964. Pofika 1967 adali pafupifupi 60 pa 100 alionse. Lewis adalowa m'nyumba ya malamulo mu 1987. Mu 2013 khoti lalikulu la dzikolo lidachotsa mbali yofunika ya lamulo lija, ndipo iye adamwalira mu Julayi 2020 akulimbanabe kuti ibwezeretsedwe.